Njinga Yamoto pa Misewu ya Malawi: Mafunso ndi Mayankho kwa Okwera Tsiku ndi Tsiku ndi Okonda Maulendo

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera anthu okonda njinga zamoto akakhala pansi kucheza, kaya pagalaja podikira makaniko, kaya pamzere wa petulo. Ena amafunsa ndi amene angogula kumene, ena ndi oti akhala akukwera zaka zambiri popita kuntchito koma tsopano mtima ukuwauza kuti akaone nyanja ndi mapiri a dziko lawo.

Njinga yanga ndi yaing'ono, ya 125cc kapena 150cc. Kodi ingandifikitse ku Karonga kapena ku Nsanje?

Ikufikitsani, ndipo musalole kuti wina akugwetseni mphwayi. Anthu ambiri amachedwetsa ulendo wawo woyamba podikira tsiku limene adzagule chinjinga chachikulu ngati zimene azungu odutsa amakwera pochokera ku Cairo kupita ku Cape Town. Tsikulo kwa ambiri silifika. Chonsecho alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi akhala akufika m'midzi yovuta kwambiri ya dziko lino pa Yamaha DT125, AG200 ndi Honda XL125, ndipo anyamata a kabaza amayenda mtunda wochuluka pa sabata kuposa umene ambiri a ife timayenda pa mwezi, pa Lifo, King Lion, SanLG kapena Bajaj Boxer.

Dziko lathu si lalikulu. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310. Ku Mzuzu ndi pafupifupi 360. Ku Salima ndi 100 yokha. Njinga yaing'ono imayenda mosavutika pa liwiro la 60 kapena 70, ndipo pamisewu yathu, yodzadza ndi misika, mahampu, mbuzi ndi ana asukulu, liwiro limeneli ndi lokwanira. Kuwonjezera apo, ikagwa mumaidzutsa nokha, ikafa makaniko wa patrading centre iliyonse amaidziwa, ndipo zipangizo zake zimapezeka ngakhale ku Jenda kapena ku Ngabu. Chinjinga chachikulu chikathyoka kanthu kakang'ono ku Chitipa, mwini wake amadikira masabata kuti chipangizo chichokere ku Johannesburg.

Chimene njinga yaing'ono imafuna ndi chifundo. Musaikoke mpaka kumapeto kwa mphamvu zake kwa maola osapuma. Injini zake zimazizira ndi mphepo, choncho imani pakatha ola limodzi kapena ola ndi theka, inu mumwe madzi, iyo ipumeko. Ndipo muwerengere makilomita 250 kapena 300 pa tsiku, osapitirira. Msana ndi umene umayamba kutopa, osati injini.

Ndigule yatsopano ya ku China kapena ku India, kapena yakale ya ku Japan?

Ngati ndalama zikulola ndipo yakaleyo ili ndi mapepala enieni, ya ku Japan yosamalidwa bwino imakhalitsa. Vuto ndi lakuti zambiri zimene mabungwe amagulitsa zimakhala zitatopa, ndipo zipangizo zake zenizeni ndi zodula. Za ku India monga Boxer ndi TVS zili pakatikati: zolimba, zosamwa mafuta, zipangizo zosasowa. Za ku China ndi zotsika mtengo koma zimafuna munthu wokonda sipanala, chifukwa mabawuti amamasuka ndipo tcheni ndi matayala zimene zimabwera nazo sizichedwa kutha.

Pogula yakale, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsayo. Fikani m'mawa injini isanalizidwe, muione mmene ikulirira ili yozizira. Utsi wabuluu pa injini yosasakaniza oilo ndi petulo ukutanthauza kuti ikudya oilo. Kenako yerekezani nambala ya injini ndi ya chesisi ndi zimene zalembedwa pamapepala. Zikasiyana, chokanipo, ngakhale mtengo ukhale wokoma chotani.

Ndi mapepala ati amene ndiyenera kukhala nawo?

Laisensi yoyendetsera njinga yamoto, kalembera wa njingayo ndi nambala yake, inshuwalansi, ndi chiphaso chosonyeza kuti njinga ili bwino, chija timangoti COF. Zonsezi, kupatula inshuwalansi, zimachokera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, Directorate of Road Traffic and Safety Services. Laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc. Ya A ndi ya zazikulu kuposa pamenepo. Apa ambiri amapunthwa, chifukwa njinga zambiri zimene zili pamsika masiku ano ndi za 150cc. Laisensi ya galimoto siikupatsani chilolezo chokwera njinga yamoto.

Njinga zambiri zimalowa m'dziko muno kudzera njira zachidule kuchokera ku Mozambique ndi ku Tanzania, ndipo zimayenda zopanda nambala. M'mudzi mwina mungazembe nazo, koma paulendo wautali mudzapeza marodibuloko ambiri, ndipo chisangalalo chonse chimathera pamenepo. Chachikulu kuposa apolisi ndi ichi: mukagunda munthu muli opanda inshuwalansi, mlandu wonse ndi chipukuta misozi chonse zimagwera inu ndi banja lanu.

Chipewa chimene anandipatsa pogula njinga n'chokwanira?

Kawirikawiri ayi, ndipo pa nkhani iyi ndilibe mawu ofewa. Zipewa zambiri zimene zimaperekedwa ngati basera ndi pulasitiki chabe yokhala ndi kansalu m'kati. Chimene chimapulumutsa mutu si chigoba chakunjacho, koma chinthu choyera chopepuka chimene chili m'kati, chokhuthala ngati zala ziwiri, chimene chimafinyika munthu akamenyetsa mutu pansi n'kumeza mphamvu imene ikanafika ku ubongo. Kwezani kansalu ka m'kati muone. Ngati mulibe chinthu chimenechi, chimene mwagwiracho chingakutetezeni ku dzuwa ndi kwa atrafiki basi. Chipewa cha omanga nyumba nachonso sichinapangidwire pamsewu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti chipewa chabwino chovalidwa moyenera chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100, ndi kuvulala kwa m'mutu ndi pafupifupi 70 pa 100. Pofuna chabwino, yang'anani palamba wapachibwano: chimene chinayesedwa motsata muyezo wa ku Ulaya chimakhala ndi kansalu kosokeredwa kokhala ndi chilembo E m'kabwalo, ndi manambala oyamba ndi 05 kapena 06. Zina zimalembedwa DOT kumbuyo, kutanthauza muyezo wa ku America, koma chomata chotere n'chosavuta kunamizira, ndiye musachikhulupirire pachokha.

Sankhani chophimba nkhope yonse, chifukwa munthu akagwa chafufumimba chibwano ndi mano ndi zimene zimayamba kufika pansi. Chikhale chothina bwino, chogwira masaya, chosazungulira mukagwedeza mutu. Ndipo mangani lamba. Timaona tsiku ndi tsiku anthu atangochikhazika pamutu lamba ali lendelende, ena atachikoleka pahandulo mpaka ataona yunifolomu patsogolo. Chipewa chosamanga chimauluka mutu usanagunde pansi.

Za pakaunjika samalani nazo. Chipewa chimagwira ntchito kamodzi: chikamenyedwa mwamphamvu, cham'kati chija chimakhala chafinyika kale ngakhale kunja kukuoneka kosalala. Simungadziwe mbiri ya chipewa cha m'belo. Ndipo wokwera kumbuyo naye ali ndi mutu umodzi wokha. Ngati mumanyamula akazi anu, amuna anu kapena mwana, gulani ziwiri.

Nanga zovala zina, ndi kutentha kwa kwathu kuno?

Pambuyo pa chipewa, gulani magolovesi. Munthu akamagwa amatsogoza manja, ndipo phula limasenda chikhatho m'kanthawi kochepa. Kenako nsapato zotseka zofika pamwamba pa akakolo. Jombo zachikopa zogwirira ntchito zimakwanira. Patapata ndi masandasi zadulitsa zala za anthu ambiri pa tcheni ndi pa sipoko. Jinzi yokhuthala ndi jekete lolimba la manja aatali ndiye poyambira. Apa kaunjika ndi bwenzi: m'misika ya Lilongwe, Limbe ndi Mzuzu nthawi zina mumapezeka majekete enieni a okwera njinga, okhala ndi zotetezera m'zigongono ndi m'mapewa, pamtengo wa jekete wamba chifukwa wogulitsa amangoliona ngati lolemera.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo mtima umafuna kuvula zonse. Musavule. Mphepo yotentha ikamawomba pakhungu lamtunda imaumitsa thupi msanga kuposa mukavala chovala chopyapyala cha manja aatali. Nyamukani mbandakucha, pumani masana pamthunzi, imwani madzi musanamve ludzu. Kunyowetsa malaya a m'kati musananyamuke kumathandiza kwambiri. Valaninso kajekete kowala kaja ka lifulekita pamwamba, kuti woyendetsa thiraki akuoneni akadali patali.

N'chifukwa chiyani okwera akale onse amaletsa kuyenda usiku?

Chifukwa amadziwa zimene zili mumdimamo. Njinga zakapalasa zopanda nyale zitasenza matumba a makala opingasa msewu. Ngolo za ng'ombe. Anthu ochokera kumowa. Thiraki yofera pakati pa msewu imene chizindikiro chake ndi nthambi zamasamba zoyalidwa pansi. Galimoto ya diso limodzi imene mumaiyesa njinga inzanu mpaka itakufikani. Dzenje limene masana mukanalizemba. Nyale ya njinga yaing'ono siiona patali, ndipo basi yobwera kutsogolo ikakuwalitsani m'maso mumayenda masekondi angapo muli wakhungu. Onjezanipo achifwamba amene amasaka njinga zamoto usiku.

Kuno dzuwa silichedwa kulowa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi 6 koloko imakwana kutada kale. Konzani ulendo kuti 4 koloko madzulo ikupezeni mwafika kogona. Tayala likaphulika panjira, maola awiri otsalawo ndi amene amakupulumutsani.

Anandiuza kuti buleki yakutsogolo imagwetsa. N'zoona?

Bodza limeneli lavulaza anthu ambiri. Mukamaima, kulemera konse kwa njinga ndi kwanu kumapita kutayala lakutsogolo, ndipo ndi limene limagwira pansi mwamphamvu. Mbali yaikulu ya kuima, pafupifupi magawo 70 pa 100, imachokera kutsogolo. Wodalira phazi lokha amakwekwereza tayala lakumbuyo n'kukagunda chimene amafuna kuchipewa.

Chimene chimagwetsa ndi kuitsinira mwadzidzidzi, makamaka pakona, pamchenga kapena pamatope. Ifinyeni pang'onopang'ono, kenako molimbitsa, pamodzi ndi yakumbuyo, njinga ili chilili. Pezani bwalo lopanda anthu Lamlungu masana muyeserere mpaka dzanja lizolowere, chifukwa tsiku limene mwana adzathamangire mumsewu simudzakhala ndi nthawi yoganiza.

Ndimaopa zitunda ndi makona. Ndingatsike bwanji malo ngati Chiweta?

Mantha amenewo ndi abwino. Lamulo lake ndi limodzi: giya imene mungakwerere chitunda ndi imenenso mutsikire. Injini ikugwireni, mabuleki angothandizira. Pali chizolowezi chozimitsa injini kapena kuika pa fili potsetsereka pofuna kupulumutsa mafuta. Mafuta opulumukawo sadzadza ngakhale kapu, koma mabuleki amatentha n'kusiya kugwira pamene mukuwafunitsitsa.

Chepetsani liwiro musanalowe m'kona, osati muli m'kati mwake. Maso ayang'ane kumene mukufuna kupita, chifukwa njinga imatsata maso. Mukayang'anitsitsa phompho mumalowera komweko. Khalani mbali yanu ya kumanzere ndipo yembekezerani kuti kuseri kwa kona iliyonse kuli thiraki imene yadya mbali yanu. Pa Chiweta pamadutsa matanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi mathiraki a malasha, ndipo dizilo wotayikira pamsewu amaterera koopsa, makamaka kukawaza kamvula. Anyani nawo amakhala pakati pa msewu osatekeseka. Zomwezi zikhudzanso mtsetse wa ku Chikwawa potsikira pa Thabwa, ndi wa Khwekhwelere.

Nanga mchenga ndi matope?

Pamchenga musalimbane ndi handulo. Khalani chakumbuyo pang'ono, giya yachiwiri, mafuta osadukiza, maso patali. Tayala lakutsogolo lidzavina, lisiyeni. Mukatseka mafuta mwadzidzidzi limamira n'kukugwetsani. Pamatope a dothi lofiira la katondo palibe ukatswiri woposa kuyenda pang'onopang'ono mapazi ali pafupi ndi pansi, n'kumaima kuchotsa matope amene amatseka pakati pa tayala ndi madigadi. Mtsinje wosefukira musawoloke chifukwa choti wina wawoloka. Dikirani madzi aphwe.

Ndi zinthu ziti zimene ndiyenera kuona ndekha osadikira makaniko?

Tcheni choyamba. Fumbi lathu likasakanikirana ndi mafuta limadya tcheni ndi masipuloketi msanga. Itsukeni ndi palafini, iume, muithire oilo wa giya pang'ono. Isathine kwambiri: pakati pake izisewera masentimita awiri kapena atatu, malinga ndi buku la njinga yanu. Yothinitsa imawononga mabering'i, yolendewera imavuka pamalo oipa. Posintha, sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri limodzi.

Oilo muziona m'mawa uliwonse. Injini zazing'onozi zimalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndiye kuchepa pang'ono ndi nkhani yaikulu. Gulani wolembedwa kuti ndi wa njinga zamoto, wokhala ndi chizindikiro cha JASO MA, chifukwa kilatchi ya njinga imasamba mu oilo yemweyo ndipo oilo wina wa galimoto amaichititsa kuterera. Oilo woyezera m'mabotolo m'mbali mwa msewu musiyeni. Amene muli ndi DT125 musaiwale kathanki ka oilo wa thusitiroko, wosakanikirana ndi petulo uja. Kakauma injini imagwira nthawi yomweyo.

Sefa ya mpweya m'chilimwe imatsekeka msanga, ndipo njinga imayamba kumwa mafuta ndi kufooka. Mpweya wa m'matayala yezani ali ozizira, ndi geji, osati ndi chala. Gogodani masipoko ndi sipanala: lomasuka limamveka mosiyana ndi anzake. Pomaliza yendani mozungulira njinga mukugwira mabawuti, nyale, ma indiketa ndi hutala. Zonsezi ndi mphindi zisanu.

Petulo akasowa ndimagula wa m'zigubu. Pali vuto?

Lilipo. Wa m'mabotolo nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini kapena madzi, ndipo zinyalala zake zimatseka kabureta. Mukakakamizika, sefani ndi kansalu koyera pothira, ndipo ikani kasefa kakang'ono papaipi yochoka kuthanki. Paulendo, thirani pamalo alionse omwetsera mafuta amene ali nawo ngakhale thanki ili theka. Njinga ya 150cc imayenda makilomita pafupifupi 35 mpaka 45 pa lita, koma katundu, zitunda ndi mphepo zimadya gawo lake.

Dziwaninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo zakhala choncho kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Njinga yoyenda tsiku ndi tsiku sivutika naye. Koma ethanol amakoka chinyezi ndipo amalimbitsa mapaipi akale a labala, choncho ngati njinga ikhala miyezi osayenda, tsekani kampopi ka mafuta ndi kukhuthula a m'kabureta.

Ndiyambire msewu uti?

Okhala ku Lilongwe, yambani ndi Salima ndi Senga Bay: kupita m'mawa, kudya chambo, kugona, kubwerera mawa lake. Mukazolowera, tengani M1 kulowera ku Dedza. Kumeneko mungapatuke kukaona zojambula za makolo pamiyala ya ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2006. Kupitirira Dedza msewu umayenda m'malire enieni, dzanja lina Malawi, lina Mozambique. Pa Masasa khoterani kumanzere mutsike Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Kwa ine palibe msewu wa phula m'dziko muno wokoma pa njinga kuposa umenewu. Makona amatsatizana, mpweya umasintha kuchoka kozizira kupita kotentha mukuumva pakhungu, ndipo tsiku lopanda chifunga nyanja imaonekera patali. Imani pamalo otakasuka mungoyang'ana. Pansipo mungapite ku Mua, mishoni ya 1902 kumene kuli malo osungira chikhalidwe a Kungoni, kapena kupitirira mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear.

Okhala ku Blantyre muli ndi mwayi woposa. Ku Zomba ndi makilomita osakwana 70, ndipo msewu wokwera phiri kupita ku Ku Chawe ndi sukulu yabwino ya makona kwa woyamba kumene, bola mupite pang'onopang'ono chifukwa mumatsika anthu osenza nkhuni ndi njinga zonyamula matabwa. Wina ndi wa ku Thyolo ndi Mulanje, wodutsa m'minda ya tiyi phiri lili patsogolo panu. Mungalizungulire kudzera ku Phalombe n'kutulukira ku Zomba.

Kumpoto ndiye kumene okonda maulendo amakathera mtima. M1 kudutsa m'Chikangawa ndi msewu wamtunda, wozizira, wopanda anthu ambiri, koma wa nkhungu ndi mathiraki a matabwa. Kuchoka ku Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50 a makona okhaokha. Ndipo pali Gorodi, msewu wochoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia: makilomita pafupifupi 15 a miyala ndi fumbi, okhala ndi makona akuthwa 20. Umenewu si wa ulendo woyamba, ndipo si wa nthawi ya mvula. Amene simunakonzeke, fikani ku Livingstonia kudzera njira ya ku Rumphi, mukaone mathithi a Manchewe ndi Stone House mtima uli m'malo. Gorodi sathawa.

Musananyamuke kulikonse, funsani oyendetsa minibasi ndi akabaza za mmene msewu ulili sabata imeneyo. Safunsa anadya phula. Msewu wa m'mbali mwa nyanja, M5, umadukaduka milatho nthawi ya mvula, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa kuti msewu umene unalipo dzulo ukhoza kusakhalapo lero.

Ndi miyezi iti yabwino?

Kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Meyi ndiye wokoma koposa, dziko likadali lobiriwira, fumbi lisanachuluke. Juni ndi Julayi musawapeputse: ku Dedza, ku Chikangawa ndi ku Nyika kumazizira mpaka zala kuuma osatha kufinya buleki, ndipo ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimanyowetsa msewu masiku angapo. M'mbali mwa nyanja mwera umakankha njinga cham'mbali. Valani zovala zingapo zosanjikiza, ndi jekete lamvula pamwamba kuti litchinge mphepo.

Mvula yoyamba ya Novembala ndi yoopsa kuposa ya Febuluwale, chifukwa imayandamitsa mafuta ndi fumbi zimene zaunjikana paphula chilimwe chonse. Ikayamba, imani pakhonde la golosale kwa theka la ola.

Kodi ndingalowe ndi njinga m'nkhalango zosungira nyama?

Kumene kuli mikango, monga ku Majete ndi ku Liwonde, musayembekezere kuyendamo pa njinga. Siyani pachipata mukwere galimoto ya konko. Kwina kulikonse imbani foni kaye mufunse. Msewu wochoka ku Kasungu kupita ku Nkhotakota umadutsa m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota, kumene anasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Dutsani masana. Mukaona njovu imani patali, musalize hutala, tembenuzani njinga iyang'ane kumene mwachokera, ndipo dikirani. Ku Nyika, kuchoka ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100 a msewu wovuta wopanda pothirira mafuta, ndiye werengerani kupita ndi kubwera komwe.

Ndinyamule chiyani, ndipo ndimange bwanji?

Zochepa kuposa zimene mukuganiza. Masipanala okwana mabawuti a njinga yanu, pulayala, sikuludiraiva, pulagi yapadera ndi chomasulira chake, chubu chakutsogolo ndi chakumbuyo, zigamba ndi guluu, zitsulo zochotsera tayala, pampu, waya wa kilatchi, cholumikizira tcheni, kawaya kofewa ndi tochi. Madzi malita awiri. Bandeji ndi mankhwala otsukira bala. Ukonde wa udzudzu ngati mukagona kunyanja. Ndalama zina m'thumba, chifukwa si paliponse pamene netiweki imalola kulipira pafoni. Ndipo phunzirani kumata tayala muli kunyumba, pamthunzi.

Zolemera zikhale pansi ndi pafupi ndi msana wanu, osati kumapeto kwa keliyala, chifukwa katundu wakumbuyo kwambiri amapepukitsa tayala lakutsogolo. Malegeni amagwira bwino, koma bisani nsonga zake zonse. Chikwama cholemera kumsana chimatopetsa ndipo chimavulaza pogwa.

Ndikufuna kuyenda ndi mnzanga kumbuyo. Ndimuuze chiyani?

Akhale mwendo uku mwendo uku moyang'ana kutsogolo, mapazi onse pa zopondera ngakhale mutaima, agwire m'chiuno mwanu, ndipo pakona atsatire thupi lanu osadziwongola. Muonetseni ekizozi asanakwere. Zipsera za pakatumba zimene amayi ambiri ali nazo zinachokera pamenepo. Amayi ovala chitenje kapena siketi yaitali aikulunge bwino pakati pa miyendo, chifukwa nsalu ikakodwa mutcheni kapena m'masipoko imamukokera munthu pansi nthawi yomweyo. Paulendo wautali buluku ndiye loyenera. Onjezani mpweya kutayala lakumbuyo, ndipo kumbukirani kuti anthu awiri amafuna mtunda wautali kuti aime. Anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi, khanda lili pakati, ndi chinthu chimene tachizolowera m'maso, koma chimandipweteka mtima nthawi iliyonse ndikachiona.

Tikamayenda pagulu, tizitani?

Wodziwa njira atsogole, wodziwa kukonza akhale kumapeto, watsopano akhale wachiwiri kuti gulu liyendere liwiro lake. Musayende mophatikizana; siyani mpata woti wakutsogolo akagwa musamuponde. Aliyense aziona mnzake wakumbuyo pagalasi, akasowa aime. Gwirizanani pokumana musananyamuke, kuti wotsalira asathamange pofuna kupeza anzake. Popitirira thiraki aliyense adzionere yekha, osangotsatira chifukwa wakutsogolo wadutsa. Mowa udikire mpaka makiyi atalowa m'thumba madzulo.

Mukafika pamudzi kapena pamaliro, pamene ayala masamba pamsewu, chepetsani liwiro ndi phokoso. Anthu amatiweruza tonse ndi khalidwe la mmodzi.

Nanga kutuluka kunja kwa dziko?

N'zotheka, ndipo mayiko onse otizungulira, Zambia, Mozambique ndi Tanzania, amayendera kumanzere ngati ife. Mufunika pasipoti, laisensi, ndi mapepala a njinga okhala m'dzina lanu. Ngati ndi ya wina, kalata yake yokulolezani. Pachipata amakupatsani chilolezo cholowetsa njinga kwa kanthawi, ndipo muchisunge bwino chifukwa adzachifuna potuluka. Inshuwalansi ya COMESA, ija amati Yellow Card, imagwira ntchito ku Zambia ndi ku Tanzania. Ku Mozambique mumagula ya konko pachipata.

Ulendo woyamba wosavuta ndi wa ku Chipata kudzera ku Mchinji, kumene mumalankhula chinenero chanu chomwechi. Amene amafuna kuphatikiza ulendo ndi mwambo amapitirira mpaka ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa Ogasiti, kumene Achewa a mayiko atatu amakumana pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Masiku amenewo msewu umadzadza ndi malole ndi mabasi, ndiye nyamukani tsiku limodzi anthu asanachuluke. Kudzera ku Mwanza mumafika ku Tete pa Zambezi, kotentha kwambiri. Kudzera ku Songwe mumakwera mapiri a tiyi ndi nthochi a ku Tukuyu kulowera ku Mbeya.

Mnzanga akagwa, ndichite chiyani?

Choyamba tchingani msewu kuti galimoto ina isamuponde, ndipo zimitsani injini ya njinga yakugwayo. Musamuvule chipewa pokhapokha ngati sakupuma kapena akusanza, chifukwa khosi likhoza kukhala lothyoka. Musamudzutse mokoka kapena kumupinda pomulowetsa m'galimoto. Munyamuleni anthu angapo, mutu ndi msana zili mowongoka. Pamene pakutuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera. Musamumwetse madzi. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, ngati anamenyetsa mutu apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa magazi otayikira m'mutu amayamba kuonetsa zizindikiro patapita maola: kusanza, tulo tosaletseka, kusokonezeka. Kenako kadziwitseni apolisi, popeza a inshuwalansi adzafuna lipoti lawo. Lembani dzina lanu ndi nambala ya wachibale pakapepala, mukasunge m'thumba la jekete, ndipo anzanu apaulendo adziwe kuti kali pamenepo.

Kogona, njinga ndiisunge pati?

Funsani za pogona njinga musanalipire chipinda. Malo ogona ambiri amalola kuilowetsa m'mpanda, ena mpaka m'khonde la m'kati, ndipo pamene akukana pitani pena. Loko wa handulo yekha sakwanira, chifukwa anthu awiri amanyamula njinga yaing'ono n'kuiponya m'galimoto. Dutsitsani unyolo wolimba m'felemu muumangirire kuchipilala, tsekani kampopi ka mafuta, ndipo chotsani katundu yense. Mapepala ndi chipewa zilowe nanu m'chipinda. Mlonda mulonjereni mwaulemu, mumuonetse njingayo, mumuuze nthawi imene mudzanyamuke m'mawa.